Godzilla ndi phulusa la mu 1954

Filimu iliyonse imakhala ndi nthawi ziwiri: nthawi imene nkhani yake ikuchitika, ndi nthawi imene anthu anaijambula. Oonera ambiri amatsata yoyambayo. Ife amene timaphunzitsa za mafilimu timayamba ndi yachiwiriyo, chifukwa wojambula filimu amagula ndiwo pamsika umodzi ndi oonera ake, amawerenga nyuzipepala zomwezo, ndipo chimene chikusowetsa anthu tulo chaka chimenecho chimamusowetsanso iyeyo.

Tengani Godzilla. Masiku ano ambiri amamudziwa ngati chilombo chogumula nyumba zosanja, chosangalatsa ana. Koma filimu yoyamba, imene kampani ya Toho inatulutsa ku Japan pa 3 Novembala 1954, ndi filimu ya maliro.

Pa 1 Marichi chaka chomwecho, dziko la America linayesa bomba la haidrojeni pa zilumba za Bikini, m'nyanja ya Pacific. Mphamvu yake inaposa ya bomba la ku Hiroshima pafupifupi ka 1,000, ndipo inapitirira ngakhale zimene akatswiri eni ake ankayembekezera. Boti la asodzi a ku Japan lotchedwa Daigo Fukuryu Maru linali kunja kwa malire amene analengezedwa kuti ndi oopsa. Asodzi 23 a m'botimo anaona kuwala kwadzaoneni m'bandakucha, kukuchokera kumadzulo. Patapita nthawi kunayamba kugwa phulusa loyera, likumata m'tsitsi ndi pakhungu. Pofika padoko la Yaizu pa 14 Marichi anali atayamba kale kudwala, khungu litapsa, tsitsi likuthothoka. Aikichi Kuboyama, amene ankayendetsa wailesi ya botilo, anamwalira pa 23 Seputembala, kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti filimu ituluke.

Nkhaniyi inafika mpaka pambale. Akuluakulu a boma anayamba kuyeza nsomba za tuna m'madoko ndi kachipangizo kolira kakamva poizoni wa nyukiliya, ndipo nsomba zochuluka zinatayidwa. Taganizirani kumva kuti chambo ndi usipa zapamsika zikhoza kupha ana anu mwakachetechete, chonsecho kununkha sizikununkha, kukoma zikukoma. Amayi a ku Suginami, mu mzinda wa Tokyo, anayamba kusonkhanitsa masiginecha okana mabomba a nyukiliya, ndipo pofika 1955 anthu osayina anaposa 30 miliyoni.

Tsono onani mmene filimuyo imayambira. Amalinyero akupuma paboti, wina akuimba gitala. Mwadzidzidzi nyanja ikuwala, boti likupsa, wa wailesi akutumiza uthenga wake womaliza. Munthu wa ku Japan wa mu 1954 sanafunike womufotokozera.

Kwa ine, mphamvu ya filimuyi ili m'timagawo tating'onoting'ono timene chilombo sichikuonekamo n'komwe. M'sitima ya pamtunda, mayi wina akudandaula za nsomba zapoizoni, n'kutchula kuti anapulumuka bomba la nyukiliya la ku Nagasaki. Mnzake akuusa moyo poganiza zoyambanso kuthawa mumzinda. Moto utakuta Tokyo, mayi wina wakumbatira ana ake m'mbali mwa nyumba, akuwauza kuti posachedwa akakumana ndi bambo awo. Kutacha, m'chipatala modzaza anthu ogona pansi, dokotala akuyendetsa kachipangizo kaja pathupi la mwana, ndipo kakulira. Ambiri mwa oonera aja analiko pa 10 Marichi 1945, usiku umene ndege za America zinatentha Tokyo n'kupha anthu pafupifupi 100,000. Zinali zitangopita zaka zisanu ndi zinayi.

Nanga n'chifukwa chiyani anasankha chilombo, osangojambula nkhani ya bomba mwachindunji? China ndi malonda: mafilimu a zilombo a ku America ankakopa anthu nthawi imeneyo, ndipo mkulu wa ntchitoyi, Tomoyuki Tanaka, ankafuna filimu yobweza ndalama. Koma palinso china. Kuyambira 1945 mpaka Epulo 1952, Japan inali m'manja mwa asilikali a America, ndipo zolemba ndi zithunzi za Hiroshima ndi Nagasaki zinkaunikidwa kwambiri, zambiri n'kuletsedwa. Anthu anasenza chisoni chawo chamumtima kwa zaka zonsezo. Chilombo chodzutsidwa ndi bomba chinawapatsa njira yolirira pamodzi mumdima wa holo, popanda kuloza chala dziko limene tsopano linali bwenzi lawo. Wotsogolera filimuyi, Ishiro Honda, anali msilikali ku China, ndipo pobwerera kwawo mu 1946 anadutsa ku Hiroshima n'kuona bwinja lake. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti wasayansi wa m'filimuyi, amene akutentha mapepala ake n'kusankha kufera pansi pa nyanja limodzi ndi chinsinsi cha chida chake chophera chilombocho, sanaikidwemo pongokometsera nkhani.

Kudula filimu nakonso kumaulula nthawi. Mu 1956 filimuyi inaonetsedwa ku America itasinthidwa. Anaikamo wosewera mafilimu Raymond Burr ngati mtolankhani wa ku America, n'kuchotsamo zambiri, kuphatikizapo macheza a m'sitima aja ndi chenjezo la kumapeto lakuti kuyesa mabomba kukapitirira, chilombo china chidzadzuka. Imeneyo inali nyengo ya mpikisano wa zida pakati pa America ndi Soviet Union. Filimu yeniyeni ya Honda inadzaonetsedwa mofala m'maholo a ku America mu 2004.

Chilombocho chinapitiriza kusintha ndi dziko lake. Mu 1971, pamene Japan inali pa mkangano wa utsi ndi zonyansa za m'mafakitale, milandu ya matenda a ku Minamata, obwera chifukwa cha poizoni wa fakitale wotayidwa m'nyanja, ili m'makhoti, Godzilla analimbana ndi Hedorah, chilombo chokula ndi zinyalala za m'nyanja. Shin Godzilla ya mu 2016 inabwera patatha zaka zisanu chichitikireni chivomezi, tsunami ndi ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima. M'menemo chilombo chikukwera mtsinje chikukankha maboti ndi zigumukire monga madzi a mu 2011 anachitira, koma kamera ikukhalitsa m'zipinda za misonkhano, mmene nduna zikusamuka chipinda china kupita china, kudikira chilolezo, anthu kunja akuthawa.