Musagule kalavani yopinda isanatambasulidwe pamaso panu

Chilimwe chikayandikira kuno ku Britain, anzathu angapo amayamba kunditumizira zithunzi za pa Facebook Marketplace, eBay ndi Gumtree, funso lake limodzimodzi: "Achimwene, iyi mukuiona bwanji?" Chimene akufuna kugula ndi ngolo ija imene pamsewu imaoneka ngati bokosi lalifupi la matayala awiri, koma ukafika pamalo ogona umaitambasula n'kukhala kanyumba ka lona kokhala ndi mabedi mbali zonse ziwiri, sitovu, sinki, mwina ndi firiji. Kuno amaitchula kuti folding camper, ku America amati pop-up. Zambiri zimene mudzapeze pamsika wa zakale ndi za Conway ndi Pennine, zopangidwa ku Lancashire, ndi za Trigano za ku France. Pa banja la ana atatu kapena anayi limene likufuna kukaona Lake District kapena Cornwall popanda kulipira hotela, ndi chinthu chanzeru: n'chopepuka kuposa kalavani yathunthu, mphepo sichikankha kwambiri pamsewu, ndipo zina zimalowa m'galaja.

Ine ntchito yanga ndi yokonza makalavani ndi mathirela, ndipo yankho langa pa zithunzizo silisintha. Chithunzi sichinunkha. Chimene chimapha ngolo zimenezi ndi madzi, ndipo madziwo amabisala mkati mwa chinthu chopindidwa. Choncho musanapite, muuzeni wogulitsa kuti mukufuna muipeze yotseka, muitambasule limodzi, kenako muipindenso limodzi. Akayamba zoti nthawi palibe, kapena kuti malo ndi ochepa, kapena akuti tumizani kaye ndalama ya chikole chifukwa pali ena akuifuna, musawononge petulo wanu.

Pamene chivundikiro chapamwamba chikuchotsedwa, imani pafupi ndipo mununkhize. Fungo la chuku silisowa, ndi lija la zovala zimene zaiwalika m'beseni zili zonyowa. Mukamva m'malo mwake fungo lamphamvu la mankhwala onunkhiritsa m'nyumba, dzifunseni kuti akubisa chiyani. Lona ya ngolo zambiri zakale ndi ya thonje. Thonje ndi labwino chifukwa limapuma, ndipo likanyowa ulusi wake umafufuma n'kutseka timabowo, koma likapindidwa lili lonyowa n'kusiyidwa masiku ochepa chabe limayamba timadontho takuda. Timadontho tochepa pakona si nkhani yoopsa. Choopsa ndi nsalu imene yawola. Lowani mkati masana, mutseke khomo, muyang'ane kumwamba: paliponse pamene kuwala kukulowa ngati tinyenyezi, mvula idzalowanso. Gwirani msoko ndi manja awiri, mukoke pang'onopang'ono, makamaka m'makona a mabedi ndi pamene mapolo amakhudza nsalu. Ulusi ukamaduka kapena nsalu ikamamveka youma ngati pepala, yatha ntchito. Mufunsenso kuti ankaitsuka ndi chiyani. Sopo wotsukira mbale ndi sopo waufa amachotsa mphamvu yoletsa madzi, ndipo anthu ambiri aukhondo awononga lona yabwinobwino mwa njira imeneyi.

Tsegulani ndi kutseka zipi iliyonse mpaka kumapeto. Onani ngati lona ikufika bwino m'malo mwake popanda kulimbana nayo, chifukwa thonje lokalamba limakhwinyata, ndipo ikafupika zipi ndi misoko ndi zimene zimavutika. Ndikukhalitsa pa nsaluyi chifukwa cha mtengo wake. Kusoketsa lona yatsopano yathunthu kumapitirira £1,000, ndipo pa ngolo yakale ndalama imeneyo ikhoza kuposa imene mwagulira ngolo yonse. Chigamba chimodzi kapena zipi imodzi, osoka matenti amakonza. Denga lonse lowola, ayi.

Chachiwiri ndi matabwa. Pansi pa ngolo ndi pansi pa mabedi pamakhala pulayiwudi. Vulani nsapato, muyende paliponse ndi mapazi, makamaka pakhomo, pafupi ndi sinki ndi pamwamba pa matayala. Pakamabonyoka kapena kulira, ndiye kuti matabwa anyowa kapena amatuka. Chotsani matiresi ndi makushoni, muwatembenuze, muone matabwa a bedi ngati ali ndi zipsera zakuda kapena ngati apindika pakati. Tsegulani makabati onse, mulowetse dzanja m'makona akumbuyo. Kachipangizo koyezera chinyezi, damp meter, n'kotsika mtengo m'masitolo a zomangira. Kakaonetsa pansi pa 15 peresenti palibe chodetsa nkhawa, kuyambira 20 kupita m'mwamba pali pofunika kufufuza, ndipo kakafika 30 madzi akhala akulowa kwa nthawi yaitali. Nthawi zambiri wolakwa amakhala chivundikiro cha pulasitiki chapamwamba chija: chikang'ambika pang'ono, kapena chikachita dambo pakati pamene madzi a mvula amaima, nyengo yozizira yonse madzi amadontha mkati mwini wake asakudziwa.

Mukatha mkati, gonani pansi ndi tochi. Dziwani kuti ku Britain thirela yaing'ono ngati imeneyi siipita ku MOT, kuyesedwa kwa chaka ndi chaka kumene magalimoto amapitako. Palibe amene amaiyesa chaka ndi chaka, ndiye ngolo ikhoza kukhala zaka khumi mabuleki ake asanatsegulidwepo. Chitsulo cha pansi nthawi zambiri chimakhala chokutidwa ndi zinki, ndipo dzimbiri lapamwamba pa mabawuti si vuto. Vuto ndi dzimbiri lomakanuka, ming'alu pafupi ndi ekiselo, kapena malo owotcherera mwachisawawa amene akusonyeza kuti inachitapo ngozi. Kankhani mutu wokolekera ku galimoto kuulowetsa mkati. Uyenera kulimba, kenako n'kubwerera wokha pang'onopang'ono. Ukangolowa fwee, dampa yake, kachipangizo kamkati kochepetsa kugunda, yafa, ndipo mukamagwira buleki ngolo izidzagunda galimoto kumbuyo. Kokani handibuleki. Onani kawaya kaja kofiira kotchedwa breakaway cable, kamene kamakoka mabuleki ngolo ikamasuka pamsewu. Lamulo limafuna kuti pakhale chotetezera chotere. Ngati n'kotheka kwezani tayala ndi jeki, mulizungulitse ndi kuligwedeza: phokoso lokhulula kapena kugwedera ndiye kuti mabeyaringi atha. Miyendo inayi ya m'makona ndi yongolimbitsira ngolo ikaima, si yokwezera, ndipo ikapindika dziwani kuti wina ankaigwiritsa ntchito ngati jeki.

Matayala amanamiza anthu kwambiri. Ngolo imayenda maulendo ochepa, ndiye mizere ya pa tayala imaoneka yatsopano pamene labala yakalamba. Pambali pa tayala pali manambala anayi otsatira zilembo za DOT: 2317 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017. Makalabu a makalavani amalangiza kusintha tayala likakwana zaka 5, ndipo lisapitirire zaka 7 zivute zitani. Musaiwale lasipeya. Mtengo wa matayala atatu muuchotse pa mtengo umene wogulitsa akutchula.

Gasi ndi magetsi ndidutsapo mwachangu, chifukwa pamenepa malangizo ndi amodzi: mukagula, musanagonemo, katswiri aziyese. Mashopu a m'gulu la Approved Workshop Scheme amachita zimenezi, ena amabwera kunyumba. Patsiku logula ingoonani deti yolembedwa pa paipi ya gasi, onani kuti moto wa sitovu ndi wabuluu osati wachikasu, dinani batani loyesera RCD (chipangizo chodula magetsi pakachitika vuto), ndipo lumikizani ngolo ku galimoto yanu kuti muone nyali zonse. Ngolo zakale zili ndi mapulagi a mapini 7, magalimoto atsopano ali ndi soketi ya mapini 13, koma cholumikizira chake chimagulitsidwa. Firiji ya m'ngolo zimenezi imatenga maola kuti izizire, choncho pemphani kuti aiyatse inu musanafike. Alamu ya mpweya wapoizoni wa carbon monoxide mugule yatsopano ndithu. Mpweya umenewu sununkha, ndipo m'kanyumba kotseka umapha anthu ali mtulo.

Pali funso lina limene ambiri amalifunsa atalipira kale: kodi galimoto yanga ikoka? Pa ngolo pali kachitsulo kolembedwa kulemera kwake ikadzaza, MTPLM kapena MAM. Yerekezani ndi malire a galimoto yanu, amene ali m'buku lake ndi pa V5C, chikalata cholembetsera galimoto. Kwa amene akuyamba kumene kukoka, makalabu amalangiza kuti ngolo yodzaza isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Limeneli si lamulo la boma, koma ndi langizo labwino. Lamulo lenileni likuti thirela yopanda mabuleki isapitirire makilogalamu 750, komanso isapitirire theka la kulemera kwa galimoto. Kuyambira pa 16 December 2021, amene ali ndi laisensi ya galimoto ya ku England, Scotland ndi Wales angathe kukoka thirela mpaka makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Ku Northern Ireland malamulo ndi osiyana. Pokoka, liwiro ndi mamailosi 60 pa ola pa motorway ndi 50 pamsewu wamba wa kunja kwa tawuni, ndipo pa motorway ya mizere itatu simuloledwa kulowa mzere wa kumanja kwenikweni.

Pomaliza, za ndalama. Mukagula kwa dila mumalipira zambiri, koma Consumer Rights Act ya 2015 imakutetezani katundu akapezeka ndi vuto. Kwa munthu wamba chitetezo n'chochepa: katunduyo angofanana ndi mmene anamufotokozera. N'chifukwa chake muzisunga chithunzi cha malonda ake ndi mauthenga onse, ndipo mukaonere ngoloyo kunyumba kwa mwini wake, osati pamalo oimika magalimoto. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya m'malisiti. Funsani ngati awning (tenti yolumikiza pambali pa ngolo), mapolo ake ndi zikhomo zilipo zonse, chifukwa kugula padera n'kodula. Mitengo imakwera mu April ndi May, imatsika mu September ndi October pamene eni ake ayamba kuganiza za kolipira malo osungira. Koma mukagula nthawi imeneyo, khalani mutapeza kale poisunga pouma, ndipo ngati mukuchita lendi funsani kaye eni nyumba ngati amalola thirela pabwalo.