Lamulo la mu 1930 lomwe likulamulirabe m'zipinda zochiramo

Chigamulo chomwe Khoti Lalikulu linapereka ku Blantyre mu Okutobala 2025, chakuti mtsikana wachichepere amene watenga pathupi chifukwa chogwiriridwa ali ndi ufulu wothandizidwa kuchipatala kuchotsa pathupipo, chadzutsanso mkangano womwe unangogona, sunafe. Ambiri akuyankhula ngati nkhaniyi yayamba dzulo. Inayamba kale, dziko lino likadatchedwa Nyasaland.

Malamulo a zilango omwe tikugwiritsa ntchito anakhazikitsidwa ndi atsamunda cha m'ma 1930, ndipo pa nkhani ya mimba anatengera lamulo la ku England la mu 1861. Gawo 149 limati wochotsa mayi mimba akagwire ndende zaka 14. Gawo 150 limapereka zaka 7 kwa mayi mwini, ndipo gawo 151 zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zida. Khomo lokhalo ndi gawo 243, lomwe limalola dokotala kuchita opaleshoni pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Eni akewo anasintha lawo mu 1967, a ku Zambia mu 1972, a ku Mozambique mu 2014. Ife lathu tinalisunga, ngakhale mu 2005 boma linavomereza pangano la ku Maputo lonena za ufulu wa amayi.

Pomwe zinthu zinafika pamphambano, kwa ine, ndi pakati pa 2013 ndi 2016. Bungwe lounika malamulo linakhazikitsa komiti yapadera yotsogoleredwa ndi Justice Esme Chombo, ndipo m'komitimo munali madokotala, maloya, mafumu ndi oimira mipingo ndi Chisilamu. Anamva maganizo a anthu, ndipo mu 2015 anatulutsa lipoti pamodzi ndi bilu. Anthu ambiri amaiwala kuti biluyo sinalole kuchotsa mimba mwa kufuna kokha. Inatchula zifukwa zowerengeka: moyo wa mayi uli pachiswe, thanzi lake la m'thupi kapena la m'maganizo likuwonongeka, mwana ali m'mimbayo ali ndi chilema choti sangakhale moyo, kapena mimbayo yabwera mwa kugwiriridwa kapena kugonedwa ndi wachibale. Umphawi ndi sukulu, zomwe zimathamangitsira atsikana ambiri kwa asing'anga, sizinalowemo n'komwe.

Koma pa 6 Disembala 2016, mabishopu a Katolika ndi bungwe la Evangelical Association of Malawi anatsogolera anthu m'misewu kukana biluyo. Sindikayika kuti oguba aja ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuteteza moyo. M'banja mwathu momwemo muli ena oganiza choncho. Chomwe ndimaona n'chakuti kuchokera tsikulo andale anachita mantha. Boma silinapititse biluyo ku Nyumba ya Malamulo. Mu Malichi 2021 phungu Matthews Ngwale, yemwe ankatsogolera komiti ya zaumoyo, anayesa kuibweretsa yekha, koma aphungu anzake anakana ngakhale kuikambirana kokha.

Za kukula kwa vutoli, chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi cha kafukufuku wa sukulu ya madokotala ya College of Medicine ndi bungwe lofufuza za uchembere la ku America la Guttmacher Institute: mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa mu 2015, ndipo amayi asanu ndi mmodzi mwa khumi alionse anakumana ndi zovuta zofuna chipatala. Otsutsa amati manambalawa ndi ongoyerekeza. Akunena zoona, chifukwa chinthu chochitika mobisa palibe angachiwerenge mutu ndi mutu. Ofufuzawo anayambira pa amayi omwe anafika kuchipatala, n'kuyerekeza otsala kumudzi. Koma amene anakhazikapo matenda kuchipinda cha amayi safunika kafukufuku. Amadziwa za kamtengo ka chinangwa, za sopo wa ufa wosungunula m'kapu, za mtsikana wobwera pa njinga usiku magazi akutayika, mayi ake akuuza namwino kuti wangopita padera.

Chowawa n'chakuti boma lomwelo limalola, ndipo limalipira, chithandizo cha mayi amene wadzivulaza kale: kumutsuka m'mimba, kumuika magazi, nthawi zina kumuchotsa chiberekero. Wa ndalama m'tauni amapita ku kiliniki mwakachetechete. Chigamulo cha ku Blantyre chinatsamira pa lamulo la mu 2013 lokhudza kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, koma magawo 149, 150 ndi 151 akadali m'buku momwe atsamunda anawasiyira, ndipo ndi omwe namwino wa kuchipatala chaching'ono amawakumbukira mtsikana akaima pakhomo.