Ku NamibRand amasunga mdima ngati mmene ena amasungira njovu

Magetsi akazima usiku m'tauni, ambiri timathamangira kandulo. Koma amene watuluka panja n'kukweza maso amaona nyenyezi zimene dzulo lake sanazione, ndipo Mlalang'amba umakhala utayala mkanda wake kuchoka mbali ina ya thambo kukafika ina. Nyenyezizo zinalipo masiku onse. Chimene chimazibisa ndi mababu athu omwe.

Ntchito yanga ndi yokonza kaunikidwe ka nyumba ndi malo ogona alendo, choncho vutoli ndimakumana nalo ndili pamakwerero. Babu losavindikira limamwaza kuwala mbali zonse. Kwina kumakwera m'mwamba, kumakagunda fumbi, utsi ndi chinyezi, kenako n'kubwerera ngati chifunga chofiirira, chija mumachiona pamwamba pa Lilongwe usiku mudakali makilomita ambiri musanafike. Kafukufuku wa Fabio Falchi ndi anzake amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti anthu oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse padziko sangauone Mlalang'amba ali kwawo. Ku North America ndi pafupifupi anthu 80 pa 100 alionse.

N'chifukwa chake mu 1988 ku Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America, kunakhazikitsidwa bungwe la International Dark-Sky Association, limene pano limatchedwa DarkSky International. Bungweli limapereka satifiketi kwa malo amene asunga mdima wawo. Mzinda wa Flagstaff unayamba kulandira mu 2001, paki ya Natural Bridges ku Utah ndi dera la Mont-Mégantic ku Canada zinatsatira mu 2007. Mu Africa muno oyamba anali NamibRand Nature Reserve ku Namibia, mu 2012, ndipo anawaika pa mulingo wapamwamba wa Gold.

NamibRand ili kum'mawa kwa chipululu cha Namib, moyandikana ndi paki ya Namib-Naukluft. Kale anali mafamu a nkhosa. Wamalonda wina, Albi Brückner, anayamba kuwagula mu 1984, mipanda inachotsedwa, ndipo lero ndi malo a mahekitala pafupifupi 200,000. Tauni yapafupi, Maltahöhe, ndi yaing'ono ndipo ili pa mtunda woposa makilomita 100. Mvula imagwa mwa apo ndi apo, mpweya ndi wouma, mitambo ndi yosowa.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti satifiketiyo imaperekedwa chifukwa chakuti malowo ali kutali ndi tauni basi. Zikanatero, bwenzi theka la midzi yathu lili nayo. Chimene bungweli limafuna ndi ntchito. Mdima umayezedwa ndi kachipangizo kokwana m'thumba la malaya kotchedwa Sky Quality Meter: ukakalozetsa m'mwamba kamapereka nambala, pakati pa mzinda waukulu imakhala cha m'ma 17 kapena 18, kumdima weniweni imayandikira 22, ndipo mapaki ndi malo otetezedwa ofuna satifiketi ayenera kupitirira 21. Kenako nyali zapanja zimawerengedwa imodziimodzi. Zimafunika chivindikiro choti kuwala kuzigwera pansi pokha, ziziyaka pamene pali munthu woti aunikiridwe, ndipo kuwala kwake kukhale kwachikasu. Pa paketi ya babu la LED pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi K. La 6500K ndi loyera mopita kobiriwira ngati thambo, ndipo kuwala kotereku ndi kumene kumamwazika kwambiri mumpweya. Malo otetezedwa amagwiritsa ntchito la 3000K kapena lotsikirapo. Chaka chilichonse amapereka lipoti, komanso ayenera kuphunzitsa anthu. Ku NamibRand kuli malo a NaDEET kumene ana asukulu a ku Namibia amakagona n'kumaphunzira zachilengedwe, za thambo zomwe.

Eni malo ogona ambiri ndikawauza zimenezi amadandaula za akuba. Nkhawa yawo ndi yomveka ndipo sindiichepsa. Koma chigetsi chachikulu chothobwa m'maso chimachititsa kuti mlonda asaone chilichonse kuseri kwake, chifukwa mwanadiso wake wachepa. Kababu kovindikira kounikira pakhomo ndi m'njira kamamuthandiza kuposa pamenepo, ndipo mayunitsi sathera kuunikira mitambo. Mbalame zouluka usiku ndi tizilombo timene timafera pa babu zimapumulanso.

Ku South Africa kuli malo ena oyenera kuwatchula, !Ae!Hai Kalahari Heritage Park, mkati mwa Kgalagadi Transfrontier Park, amene anavomerezedwa mu 2019. Eni ake ndi anthu a mtundu wa ǂKhomani San ndi a Mier. Zimandisangalatsa kuti kumeneko mdimawo uli m'manja mwa anthu amene makolo awo ankayenda ndi nyenyezi zomwezo.

Mukaganiza zopita kumalo otere, yambani mwaona kalendala ya mwezi musanaone mtengo wa chipinda. Mwezi wathunthu umafafaniza nyenyezi zing'onozing'ono ngakhale pakati pa chipululu, choncho sankhani masiku amene mwezi uli kumdima. Kuyambira June mpaka August, chigawo chowala kwambiri cha Mlalang'amba chimakhala pamutu penipeni madzulo, koma kuzizira kwa m'chipululu nyengo imeneyi si kwamasewera, tengani jekete ndi bulangete. Nyenyezi za Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zimaoneka bwino madzulo cha mu December ndi January.

Telesikopu si yofunika usiku woyamba. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kungoyang'ana pa foni kamodzi kumabweza zonse poyambira. Tochi ikhale ya kuwala kofiira, kapena muikulunge ndi pepala lofiira la pulasitiki. Khalani pansi, dikirani. Poyamba mudzaona nyenyezi zazikulu zokha, kenako timizere takuda todula pakati pa Mlalang'amba, tomwe ndi mitambo ya fumbi lakuthambo. Chakumwera kuli timitambo tiwiri totuwa timene sitisuntha ndi mphepo. Imeneyo ndi Mitambo ya Magellan, milalang'amba ina yapayokha, ndipo kuwala kwa waukuluwo kwayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kudzalowe m'diso lanu.