Agalu ophunzitsidwa kuthandiza asilikali akale ndi anthu amene anaona zoopsa

Anthu ambiri amene apulumuka kunkhondo, pa ngozi ya pamsewu, pogwiriridwa kapena pochitiridwa nkhanza, mtima wawo umayamba kukhala pansi pakapita milungu ingapo. Koma alipo ena amene zoopsazo sizimawachoka m'mutu. Amalota zimene zinachitika, amadzidzimuka chitseko chikangomenyetseka, amapewa msika, basi ndi malo ena aliwonse a chigulu, amasowa tulo, ndipo amapsa mtima pa zinthu zazing'ono. Zizindikirozi zikapitirira mwezi umodzi n'kuyamba kusokoneza ntchito ndi banja, madokotala amati munthuyo angakhale ndi PTSD, matenda a maganizo obwera chifukwa cha zoopsa zimene munthu anakumana nazo. Bungwe la madokotala a za maganizo ku America, la American Psychiatric Association, linayamba kuliwerenga vutoli ngati matenda apaokha mu 1980, litaona mmene asilikali ambiri obwerera kuchokera ku Vietnam ankavutikira. Unduna woona za asilikali akale ku America, wotchedwa VA, umati asilikali akale pafupifupi 7 pa 100 aliwonse amadwala matendawa pa nthawi ina ya moyo wawo, ndipo pakati pa amene anamenya nkhondo ku Iraq ndi ku Afghanistan chiwerengerocho chimafika pa 29 pa 100.

Chithandizo chenicheni cha PTSD chili kuchipatala. Njira zimene zatsimikizika kwambiri ndi zokambirana ndi katswiri wa za maganizo, monga Prolonged Exposure, Cognitive Processing Therapy ndi EMDR, komanso mankhwala monga sertraline ndi paroxetine. Vuto n'lakuti wodwala amene akuopa kutuluka m'nyumba sangafike kwa dokotalayo, ndipo apa ndi pamene galu wophunzitsidwa bwino amathandiza. Galu sachiza matendawa, koma amapeputsa tsiku la wodwala mpaka iye n'kutha kugona, kutuluka ndi kupitiriza chithandizo chake.

Galu wothandiza ndi galu wotonthoza n'ngosiyana

Galu wothandiza amakhala ndi munthu mmodzi yekha, ndipo amaphunzitsidwa ntchito zogwirizana ndi vuto la munthuyo. Ku America, malamulo a 2010 ochokera pa lamulo loteteza anthu olumala la 1990, lotchedwa ADA, amalola galu wotere kulowa m'sitolo, m'malo odyera, m'basi ndi m'chipatala. Wogwira ntchito pamalopo akakayika, amaloledwa kufunsa mafunso awiri okha: ngati galuyo akufunika chifukwa cha kulumala, ndiponso ntchito imene anaphunzitsidwa. Saloledwa kufunsa matenda a munthuyo kapena kufuna kalata ya dokotala.

Galu wotonthoza amakhala kwa mwiniwake, amene ndi munthu wongodzipereka, ndipo awiriwa amapita kukacheza ndi anthu ambiri m'zipatala, m'sukulu ndi m'malo amene mwachitika tsoka. Ana atawomberedwa pasukulu ya Sandy Hook ku Connecticut mu Disembala 2012, bungwe la Lutheran Church Charities linapititsa agalu otere kukakhala ndi ana opulumuka komanso makolo oferedwa. Galu wotonthoza alibe ufulu wolowa paliponse, amalowa pokhapokha eni malo atamuitana. Chimodzimodzinso galu amene munthu amangomva naye bwino pakhomo: lamulo la ADA silimuwerenga ngati galu wothandiza, ngakhale atavekedwa chovala chogula pa intaneti.

Zimene galu wothandiza amachita

Usiku, galu akaona kuti mbuye wake wayamba kuphupha ndi kubuula kutulo, amamudzutsa pomugunda ndi mphuno, pomunyambita dzanja kapena pokoka bulangete, ndipo ena amaphunzitsidwa kuyatsa getsi la m'chipinda. Masana, akaona mwendo ukunjenjemera kapena mpweya ukuthamanga, amasanjika mutu pabondo la munthuyo, apo ayi amagona pamiyendo yake kuti kulemera ndi kufunda kwa thupi lake kumubwezere maganizo pamalo pamene ali. Pamzere wa m'sitolo galu amaima chopingasa kutsogolo kuti anthu asapanikize mbuye wake, kapena amakhala pansi atayang'ana kumbuyo, ndipo msilikali amene anazolowera kuti mnzake amamuyang'anira kumsana amatha kulipira katundu wake popanda kucheukacheuka.

Tiyenera kunena poyera kuti galu ameneyu si mlonda. Galu wouwa anthu, wochita nsanje kapena woopseza kuluma sayenera ntchito imeneyi, chifukwa amangowonjezera mantha amene wodwalayo akuyesetsa kuwathetsa.

Ntchito ya anthu odzipereka

Kuphunzitsa agalu kuti athandize asilikali kunayamba kale, pakuti mu 1916 ku Oldenburg, m'dziko la Germany, kunatsegulidwa sukulu ya agalu otsogolera asilikali amene anachita khungu pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Lero mbali yaikulu ya ntchitoyi imagwiridwa ndi anthu osalipidwa. Bungwe la Canine Companions, limene linayamba mu 1975 ku Santa Rosa, California, limapereka kagalu ka milungu pafupifupi 8, kawirikawiri ka mtundu wa Labrador kapena Golden Retriever, kwa banja lodzipereka limene limakalera pafupifupi chaka ndi theka. Banjalo limakaphunzitsa kudzithandiza panja, kuyenda ndi chingwe osakoka, kugona phee pansi pa tebulo anthu akudya, ndi kusiya chakudya chimene chagwa pansi. Limakazoloweretsanso masitepe, zikepe za m'nyumba zosanja, ana olira, njinga za olumala ndi phokoso la magalimoto, pang'onopang'ono, popeza kagalu koopsezedwa kali kakang'ono kangathe kukula ndi mantha osatha. Maphunziro ake ndi a mphotho, monga kachakudya ndi mawu oyamikira, osati ndodo.

Zikatero galu amabwezedwa kwa akatswiri, amene amamuphunzitsa ntchito zenizeni kwa miyezi 6 kapena kuposerapo, kenako amakhala milungu iwiri akuphunzira limodzi ndi munthu amene adzamutenge. Amene akufuna kudzipereka aganizire bwino za tsiku lobweza limeneli, chifukwa kulera galu chaka chonse n'kumupereka kwa mlendo si chinthu chopepuka, makamaka m'nyumba mmene muli ana. Adziwenso kuti agalu ambiri samaliza maphunziro, ena chifukwa cha matenda a mafupa a m'chiuno, ena chifukwa cha mantha kapena kukonda kuthamangitsa mbalame, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti woleredwayo analeredwa molakwika. Agalu otere amapatsidwa ntchito zina kapena amakakhala a pakhomo. Izi, pamodzi ndi mtengo wophunzitsira galu mmodzi umene umafika madola masauzande ambiri, n'zimene zimachititsa kuti odwala adikire nthawi yaitali asanalandire galu.

Mabungwe ena anatsata njira zina. K9s For Warriors, limene linayamba mu 2011 ku Florida, limatenga agalu ambiri kumalo osungira agalu opanda eni. Puppies Behind Bars, limene linayamba mu 1997 kundende ya amayi ya Bedford Hills ku New York, limapatsa akaidi ntchito yolera tiagalu, ndipo anthu odzipereka akunja amatitenga kumathero a sabata kuti tikaone moyo wa m'tauni. Ku Warrior Canine Connection, ku Maryland, asilikali odwala PTSD ndiwo amaphunzitsa agalu amene adzathandize asilikali anzawo. Njira yomalizayi ili ndi nzeru yake: kuti kagalu kamvere, mphunzitsi ayenera kulankhula modekha, kuugwira mtima ndi kukatengera pagulu, zomwe ndi zinthu zimene matendawa anamulanda. Mu Ogasiti 2021, Pulezidenti Joe Biden anasainira lamulo la PAWS for Veterans Therapy Act, limene linalamula VA kuyesa njira yotereyi kwa zaka 5 m'zipatala zake zingapo.

Umboni wa ofufuza

Kafukufuku amene anatsogoleredwa ndi Maggie O'Haire wa ku University of Arizona, n'kusindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA Network Open mu 2024, anatsatira asilikali 156, omwe 81 anali atalandira agalu ndipo 75 anali akudikirabe. Patapita miyezi itatu, amene anali ndi agalu anali ndi zizindikiro zochepa za PTSD, nkhawa ndi kukhumudwa kusiyana ndi anzawo aja. Zotsatirazi n'zolimbikitsa, koma ziwerengedwe mosamala, chifukwa anthuwo sanagawidwe mwamaere, nthawi inali yochepa, ndipo onse ankaloledwa kupitiriza chithandizo chawo cha nthawi zonse. Akatswiri ena amadandaulanso kuti ntchito ngati yoyang'anira kumsana ingazoloweretse wodwala kuganiza kuti sangatetezeke popanda galu, choncho ndi bwino kuti dokotala wa munthuyo adziwe ntchito zimene galu waphunzitsidwa.

Ukhondo ndi chitetezo

Galu aliyense wopita kwa odwala ayenera kukhala ndi katemera wa chiwewe, kumwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba, kutetezedwa ku utitiri ndi nkhupakupa, ndi kudulidwa zikhadabo. Bungwe la Pet Partners, limene limalembetsa agalu otonthoza ku America, limafuna kuti galu asambitsidwe asanapite kukacheza, asamadye nyama yaiwisi chifukwa cha tizilombo monga salmonella, asagwire ntchito yopitirira maola awiri patsiku, ndiponso kuti iye ndi mwiniwake ayesedwenso pakatha zaka ziwiri zilizonse. Anthu asambe m'manja asanagwire galu komanso atamugwira. Wodwala afunsidwe kaye, chifukwa ena thupi lawo limadana ndi ubweya wa galu, ena chipembedzo chawo sichilola, ndipo kwa ena galuyo ndiye chinthu choopsa chimene anakumana nacho. Mwini galu akaona kuti galu akuyasamula pafupipafupi, akunyambita milomo, wapinda mchira kapena akutembenuzira mutu kumbali, amuchotse pamalopo akapume.

Mukakumana ndi galu wothandiza panjira, musamuimbire mluzu, musamusisite ndipo musamupatse chakudya, chifukwa ali pantchito. Lankhulani ndi mwiniwake, koma musamufunse zimene zinamuchitikira.

Aliyense amene ali ndi zizindikiro za PTSD asadikire galu kuti ayambe chithandizo, apite kuchipatala akaonane ndi a zamaganizo. Ngati munthuyo akulankhula zodzipha, asasiyidwe yekha ndipo atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo. Amene ali ku America angaimbe 988, ndipo asilikali akale adine 1 akaimba nambalayo.