Chifukwa chake namondwe amadula misewu ndi njanji za m'mapiri

Namondwe akamafika m'mapiri amakhala atachepa mphepo, koma mvula ndiyo imanyanya. Mpweya wachinyezi wochokera kunyanja ukagunda phiri umakwera, n'kuzizira, n'kukhuthula madzi ake onse pamalo amodzi. Mu September 2024 namondwe wa Helene anatera ku Florida m'dziko la United States, komabe anakasakaza koopsa kutali ndi nyanja, m'mapiri a Appalachia ku North Carolina ndi ku Tennessee. Madera ena analandira mvula yoposa mamilimita 700 m'masiku atatu, ndipo ina inagwa namondweyo asanafike n'komwe, moti anapeza nthaka itakhuta kale madzi.

Anthu amatifunsa ife mainjiniya kuti timamangiranji misewu ndi njanji m'mbali mwa mitsinje. Sitima siikwera chitunda. Njanji ikangokwera mamita awiri pa mamita 100 alionse, sitima yonyamula katundu imayamba kale kuvutika, ndipo m'mapiri malo otsetsereka pang'onopang'ono ndi okhawo amene mtsinje unasema. N'chifukwa chake njanji ya kampani ya CSX inatsata mtsinje wa Nolichucky, ndipo msewu waukulu wa I-40 unatsata mtsinje wa Pigeon.

Tsono pamalo opanikizika otere madzi alibe kofalikira. Amangokwera n'kuthamanga, atanyamula miyala ikuluikulu. Pokhota amamenya gombe lakunja n'kuyamba kukumba kunsi kwa msewu. Pamwamba phula limaoneka bwinobwino, mizere yake ili mbee, pamene pansi pasanduka mphanga. Kenako mbali yonse imangoti khu, kugwera mumtsinje. Umu ndi mmene zigawo za I-40 zinapitira. Njanji nayo imakokoledwa miyala yake yoyala pansi, zitsulo n'kutsala zili lende m'malere.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kalavati, paipi yaikulu ija yodutsa pansi pa msewu. Kamtsinje kotsika m'khwawa, kamene masiku onse munthu amangokadumpha, tsiku la namondwe kamabwera ndi matope, miyala ndi mitengo yozulidwa ndi mizu yomwe. Mtengo umodzi ukapingasa pakamwa pa kalavati, nthambi ndi masamba zimaunjikana pomwepo mpaka kutsekeratu. Zikatero mulu wa dothi umene unanyamula msewu umasanduka damu, chonsecho sunamangidwe kuti uzisunga madzi. Madzi amaulowerera, amaufewetsa, amasefukira pamwamba n'kuyamba kuudya kuchokera kumbali yakumunsi. M'kanthawi kochepa pamatsala phompho. Kuchotsa zinyalala m'makalavati ndi ntchito yotsika mtengo zedi, koma ndi imene imayamba kusiyidwa ndalama zikachepa, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Palinso kugumuka kwa mapiri. Bungwe la boma la United States loona za nthaka ndi miyala, la USGS, linawerenga malo oposa 2,000 amene anagumuka chifukwa cha Helene.

Kukonza kumachedwa chifukwa njira yopititsira makina ndi yomweyo imene yakokoloka. Amisiri amayamba alambula kanjira kawo, n'kumasendera pang'onopang'ono kuchokera mbali zonse ziwiri. Msewu wa I-40 m'mbali mwa mtsinje wa Pigeon unatsegulidwanso mu March 2025, patapita miyezi isanu, koma magalimoto ankayenda mzere umodzi wokha mbali iliyonse. Mtsinje womwewo unagumulanso msewuwu mu 2004, pa nthawi ya namondwe wa Ivan.

Ine sindivomereza zongobwezeretsa zinthu mmene zinalili. Khoma loteteza msewu maziko ake azifika pathanthwe lenileni, osangokhala pamiyala imene madzi angaisunthe. Pamene kalavati yatsekekapo kamodzi pamafunika yokulirapo, kapena mlatho umene mtengo wathunthu ungadutse pansi pake. Zimenezi zimadya ndalama zambiri, n'zoona, ndipo si khwawa lililonse lingalandire mlatho. Pafunika kuyambira pamene kumtunda kwake kuli phiri lotsetsereka kwambiri komanso nthaka yogumuka msanga.