Admiral Denfeld anachotsedwa ntchito atayankha mafunso a aphungu

Boma la Trump litachotsa General Charles Q. Brown, wapampando wa akuluakulu onse a asilikali a America, pa 21 February 2025, pamodzi ndi Admiral Lisa Franchetti, mayi woyamba kutsogolera asilikali apamadzi a America, mkangano unabuka pa intaneti, ena akuti pulezidenti ali ndi mphamvu zochotsa aliyense, ena akuti uku nkuopseza akuluakulu a asilikali kuti azingovomera zilizonse. Ine zinandikumbutsa za 1949, chaka chomwe mkulu wina wa asilikali apamadzi anaona zakuda pa mpando womwewo wa Franchetti.

Choyamba tidziwe kuti mkulu wa nthambi, kaya ya pamtunda, pamadzi kapena ya ndege, ku America salamula nkhondo. Malamulo a 1958 ndi a 1986 anamuchotsa pa mzere umenewo, malamulo a nkhondo amachoka kwa pulezidenti kupita kwa nduna ya chitetezo kenako kwa akuluakulu oyang'anira zigawo za dziko lapansi. Iyeyo ntchito yake nkulemba asilikali, kuwaphunzitsa, kuwapezera zida, kulangiza pulezidenti, komanso kukaima pamaso pa aphungu a Congress nkuyankha mafunso a bajeti. Apa pomalizapa ndi pamene pamapsa anthu.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha Pulezidenti Harry Truman anadula ndalama za asilikali kwambiri, ndiye nthambi zinayamba kulimbirana kochepa kotsalako. A ndege, omwe anali atangoima paokha mu 1947, ankati chindege chawo cha B-36 chonyamula bomba la atomiki chikukwanira kuteteza dziko. Apamadzi ankafuna chisitima chachikulu chonyamula ndege, USS United States. Ntchito yomanga inayamba pa 18 April 1949 ku Newport News, koma pa 23 April, patangopita masiku asanu okha, nduna yatsopano ya chitetezo Louis Johnson inaimitsa zonse, osafunsa ngakhale nduna ya asilikali apamadzi John Sullivan, yemwe anapsa mtima nkutula pansi udindo. Mmalo mwake anaikapo Francis Matthews, loya waku Nebraska yemwe za pamadzi ankangodziwa kupalasa kabwato pa nyanja yaing'ono, mpaka anthu anamupatsa dzina lomunyoza pa chifukwa chomwecho.

Apa apamadzi nawo anachita zopanda nzeru, tisawabisire. Panatuluka kalata yopanda dzina yonena kuti pa kugula B-36 panali katangale, poti Johnson anakhalapo dayilekitala wa Convair, kampani yopanga ndegezo. Komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi Carl Vinson inafufuza, sinapeze katangale aliyense, ndipo zinadziwika kuti wolemba kalatayo anali Cedric Worth, wogwira ntchito mu ofesi ya asilikali apamadzi momwemo. Manyazi ake osasimbika.

Koma mu October komiti ija inaitananso akuluakulu kuti anene maganizo awo, ndipo Vinson anawatsimikizira kuti ayankhule momasuka. Admiral Arthur Radford anati B-36 nkutaya madola biliyoni pachabe. Maso onse anali pa Louis Denfeld, mkulu wa nthambi yonse, munthu wofatsa yemwe anyamata ake omwe ankamuona ngati wofewa kwambiri kwa andale. Matthews ankayembekeza kuti Denfeld aziziritsa moto. Pa 13 October bamboyu anakhala pa mpando uja nkuwerenga mawu ake, ndipo anaima ndi anyamata ake, anati apamadzi sakumvedwa pa zokambirana za chitetezo ndipo kuimitsa sitima ija kunachitika mosatsata njira. Patapita masiku ochepa General Omar Bradley, wapampando wa akuluakulu onse, anabwera nkuwalalatira kuti ndi anthu odzimva omwe safuna kusewera mu timu pokhapokha iwo akhale otsogolera. Pa 27 October Truman analengeza kuti Denfeld wachotsedwa, mpando unapita kwa Forrest Sherman yemwe pa mkangano wonsewu sanaonekere kutsogolo.

Olemba mbiri sagwirizana apa. Omwe amakonda mbali ya ndege amati uku kunali kugalukira boma la anthu wamba, msilikali sangapite kwa aphungu kukatsutsa bajeti ya bwana wake nkuyembekeza kubwerera mu ofesi ngati palibe chachitika, ndipo Matthews mu kalata yake kwa Truman anadandaula zomwezo za kukhulupirika. Ena, monga Jeffrey Barlow yemwe analemba buku pa nkhaniyi mu 1994, amaona kuti apamadzi anali ndi mfundo zomveka zomwe zinakwiriridwa ndi kalata ya Worth ija. Barlow anali wolemba mbiri wa asilikali apamadzi ndiye timuwerenge tikudziwa zimenezo, komabe lipoti la komiti ya Vinson la March 1950 nalonso linati kuchotsa Denfeld kunali kumubwezera chifukwa cha umboni wake. Ndipo Denfeldyo sanathamangire kwa atolankhani, anachita kuitanidwa.

Pa 25 June 1950 nkhondo ya Korea inayamba, ndipo mwa ndege zoyamba kukaphulitsa kumpoto munali zonyamuka pa sitima ya Valley Forge. Pofika September Johnson anali atachoka pa unduna. Chisitima chachikulu chija chinadzamangidwabe mwa mtundu wina, USS Forrestal, nkuyamba ntchito mu 1955, Denfeld atapuma kalekale.