Bwanji ife timati Halale, iwo amati Rirongwe?

Munthu akangoti "Halale" m'malo mwa Harare m'kombi ya ku Mufakose, dera lina la mzindawo ku Zimbabwe, onse amadziwiratu kumene kunachokera agogo ake, ndipo sipalephera wina woseka. Koma osekawo, omwe amalankhula Chishona, apatseni dzina la Lilongwe, ambiri lilime limawaterera n'kutulutsa Rirongwe. Makolo athu amene ankabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ankatchedwa Mabhurandaya ndi Manyasarandi. Ndi mayina achipongwe, inde, komabe ife ofufuza zilankhulo timaonapo china: Blantyre ndi Nyasaland atalowa m'kamwa mwa Mshona, l anathawa. Gule wathu naye anasanduka zvigure, mvula ndi mvura, kulima ndi kurima.

Gwero la zonsezi lili m'khutu. M'Chichewa mulibe mawu awiri osiyana tanthauzo chifukwa cha l ndi r basi. Munene kuti mwana akulira kapena akulila, mayi ake athamanga chimodzimodzi. Khanda limabadwa likutha kusiyanitsa maliwu a zilankhulo zambirimbiri, koma pofika chaka chimodzi ubongo umakhala utayamba kunyalanyaza kusiyana kulikonse kumene sikugwira ntchito pakhomopo. N'chifukwa chake mphunzitsi wamkulu ndithu, wa madigiri ake, angauze ana kuti "let us play" akutanthauza kuti apemphere. Anthu a ku Japan nawo amavutika pomwepa.

Mvetserani bwino pakamwa panu. Nenani "galu", kenako "mbiri". Mawu onsewa nsonga ya lilime imangomenya kunkhama kamodzi n'kuthawa, osanjenjemera ngati r wa Chishona. Kungoti pambuyo pa i ndi e lilime limakhala litakwera kale kutsogolo, ndiye kumenyako kumamveka ngati r. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa ku Malawi mu 1972, linatsatira zomwezi m'malamulo ake a kalembedwe a 1973: r azilembedwa pambuyo pa i ndi e, kwinako l. Ndiye timalemba kupereka, kuyera, ndiponso kulola, sukulu. Lamuloli lili ndi mipata yake. Timalemba chilankhulo ndi chilango chifukwa l akuyamba tsinde la mawu, ndipo m'mabuku akale mupeza "ndiri" pamene lero ambiri timalemba "ndili". Ine sindidula mwana malikisi pa zimenezi, ngakhale aphunzitsi anzanga ena amatero.

Chishona chinadutsa njira ina. Katswiri wa zilankhulo Clement Doke atapereka lipoti lake logwirizanitsa kalembedwe kake mu 1931, l sanapatsidwe malo, ndipo mpaka lero m'kalembedwe kovomerezeka mulibe.

Tsono pali malo amene khutu lathu limaposa la anzathu. Ife timamva kampweya kamene kamatsagana ndi p, t ndi k. Kola ndi zimene msampha umachita, khola ndi mogona mbuzi. Pala ndi ntchito ya kalipentala, phala timamwa m'mawa. Chishona ndi Chingerezi sizisiyanitsa mawu ndi kampweyaka, moti kwa eni ake awiriawiriwa amamveka ofanana. Ikani chikhatho patsogolo pa milomo, munene "pala" kenako "phala", mumva mpweya ukukuwombani pa mawu achiwiriwo. Mnzanu uja amakusekani pa Halale mumuyese zomwezi, mumufunse kuti mwatchula chakudya kapena ntchito ya matabwa.